Billy Graham: chinamusunga zaka 60 n'chiyani, nanga anapunthwa pati?

Dzina la Billy Graham, mlaliki wotchuka wa ku America, likatchulidwa anthu ambiri amathamangira ku manambala, zoti bungwe lake limawerengera anthu pafupifupi 215 miliyoni amene anamumva m'misonkhano yake m'mayiko ndi zigawo zoposa 185, zoti ku Seoul ku South Korea mu 1973 tsiku limodzi lokha panasonkhana khamu loposa 1 miliyoni. Zimenezo nzoona ndithu. Koma ine chimene chimandigwira mtima pa mkuluyu ndi chakuti anakhala pamaso pa dziko lonse zaka pafupifupi 60, ndalama zankhaninkhani zikudutsa m'bungwe lake, atolankhani akumufufuza kuti apeze pomugwirira, koma mpakana kulowa m'manda sanamvekepo mlandu wa chibwenzi olo wodya chopereka. Zoterezi sizichitika mwamwayi ayi. Panali mipanda imene iyeyo ndi anzake anadzimangira akadali anyamata, ndipo mukaiona bwinobwino mbiri yake mupeza kuti pamene anagwa zenizeni ndi mbali imodzi imene sanaimangire mpanda, ya kuzolowerana ndi andale.

Anabadwa pa 7 November 1918 pa famu ya ng'ombe za mkaka pafupi ndi Charlotte ku North Carolina. Makolo ake anali a Presbyterian okhwima, aja oti mwana aloweze katekisimu, ndipo Billy ankadzuka kusanache kukakama ng'ombe asanapite kusukulu. Kusukuluko sanali wanzeru zodabwitsa, mtima wake unali pa baseball. Mu 1934 kunabwera mlaliki wina woyendayenda, Mordecai Ham, wolankhula mosapsatira, ndipo ndi pa msonkhano wake pamene mnyamatayu, ali ndi zaka pafupifupi 16, anadzuka n'kupita kutsogolo kukapereka moyo wake kwa Yesu. Mwini wake ankanena kuti usiku umenewo sanalire ngati ena amene anali pambali pake, sanamve chachilendo chilichonse m'thupi, anangopanga chisankho basi, ndipo ulaliki wake wonse unadzakhala woitanira anthu ku chisankho chomwecho.

Sukulu ya Baibulo anayambira ku Bob Jones College koma sanakhalitseko, malamulo ake anamukanika. Anasamukira ku Florida Bible Institute pafupi ndi Tampa komwe ankapalasa bwato pa mtsinje wa Hillsborough kukayeserera ulaliki payekha, akukuwira zitsa ndi mbalame. Mu 1939 anadzozedwa mu mpingo wa Southern Baptist, kenako anapita ku Wheaton College kufupi ndi Chicago komwe anamaliza mu 1943. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi Ruth Bell, mwana wa dokotala wamishoni amene anabadwira ndi kukulira ku China, ndipo anakwatirana chaka chomwecho. Ubusa wa pampingo anauyesako pang'ono ku Western Springs koma sunali wake, munthuyu anali wa pamsewu, nde 1945 ikufika anali atalowa Youth for Christ ngati mlaliki wawo woyamba wolembedwa ntchito, akuzungulira America ndi Europe imene inali itangotuluka mu nkhondo.

Tsopano tifike pa nkhani ya Modesto chifukwa kwa ine ndi pamene pagona mbiri yonseyi. Nthawi imeneyo alaliki oyendayenda ku America analibe mbiri yabwino ngakhale pang'ono. Anthu ankawaona ngati ochita bizinesi, ofika m'tauni ndi tenti, kuliritsa anthu, kutolera chopereka chachikulu usiku womaliza n'kuzimiririka, ena kusiya nkhani za akazi m'mbuyo. Mu 1948 ali pa msonkhano ku Modesto ku California, Graham anaitana anzake atatu, Cliff Barrows wotsogolera nyimbo, George Beverly Shea woimba ndi Grady Wilson mnzake wa kuubwana, n'kuwauza kuti aliyense apite kuchipinda kwake akalembe zinthu zimene zimagwetsa alaliki, abwerenso pakatha ola. Atabwera anapeza kuti alemba pafupifupi zofanana, ndipo pomwepo anapangana zinthu zinayi.

Choyamba chinali ndalama. Anagwirizana kuti asamakokomeze chopereka, ndipo ndalama za msonkhano zizisungidwa ndi komiti ya anthu a m'deralo. Koma phunziro lenileni analiphunzira mu 1950 ku Atlanta, pamene nyuzipepala ina inaika zithunzi ziwiri moyandikana, china cha Graham akumwetulira potsanzikana ndi anthu, china cha othandizira atanyamula matumba a ndalama za chopereka. Chithunzicho chinamupweteka kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo anasiya kulandira chopereka cha iye mwini, anayamba kulandira malipiro okhazikika ochokera ku bungwe lake la Billy Graham Evangelistic Association limene linakhazikitsidwa chaka chomwecho ku Minneapolis, malipiro ake oyerekeza ndi a m'busa wa mpingo waukulu wa m'tauni, kaya kwabwera anthu 5,000 kaya 100,000 iye amalandira zomwezo. Msonkhano ukatha mabuku a ndalama ankawunikidwa ndi akatswiri apadera ndipo lipoti lake linkasindikizidwa mu nyuzipepala za m'deralo kuti aliyense aone. Ganizirani bwino zimenezi abale, munthu amene akanatha kukhala mpondamatiki mwa kungotambasula dzanja anasankha yekha kuti bodi ndiyo izimuuza zoti alandire. Sikuti panalibe pokhumudwitsa ayi, mu 1977 nyuzipepala ya Charlotte Observer inaulula kuti panali thumba lina la madola pafupifupi 23 miliyoni limene anthu sankalidziwa. Ndalamazo sizinabedwe, zinali za ntchito za utumiki, koma kubisako kunamuchititsa manyazi, ndipo patangopita zaka ziwiri bungwe lake linathandiza kukhazikitsa ECFA, bungwe loona kuti mautumiki achikhristu ku America aziulula kayendetsedwe ka ndalama zawo.

Chachiwiri ndi chija chimadziwika kwambiri, choti asamayende, kudya kapena kukhala awiriwiri ndi mkazi amene si wake. Masiku ano pali mtsutso pa lamuloli, ena amati limatsekereza amayi pa ntchito chifukwa bwana akamapewa kukhala nawo pa zokambirana ndiye kuti mwayi umapita kwa abambo okhaokha, ndipo dandaulo limeneli ine ndimalimva. Koma kwa munthu amene ankagona m'mahotela miyezi yathunthu kutali ndi mkazi wake, nkhope yake ikudziwika paliponse, anthu ena akufunitsitsa kumutchera msampha, lamuloli linamusunga. Chachitatu anapangana kuti asamanyoze abusa ndi mipingo ya m'dera limene apitako, chifukwa alaliki ambiri ankakopa anthu mwa kunena kuti abusa anu ndi ofunda, kuno kwa ine ndiye kuli moto. Chachinayi, chimene anthu amachiiwala, chinali manambala, kuti asamakokomeze chiwerengero cha obwera kapena otembenuka, azitenga nambala imene apolisi kapena eni bwalo apereka olo ikhale yochepa. Aliyense amene anamvapo mlaliki akulengeza kuti tinali anthu masauzande pamene bwalo linali theka akudziwa kuti yesero limeneli si laling'ono.

Chaka cha 1949 chinatsala pang'ono kumuchotsa pa guwa. Mnzake wapamtima Charles Templeton, amene ambiri ankati amalalikira bwino kuposa Billy, anayamba kukayikira Baibulo ndipo ankamupanikiza ndi mafunso amene Billy sankatha kuyankha. Mu August 1949 ali ku Forest Home m'mapiri a California, anatuluka usiku n'kuika Baibulo lake pa chitsa, n'kupemphera kuti pali zambiri m'bukumo zimene sakuzimvetsa koma alilandira mwa chikhulupiriro ngati Mawu a Mulungu. Ena amati pamenepa anathawa mafunso m'malo mowayankha, Templeton mwini anaganiza choncho ndipo pambuyo pake anasiyiratu chikhulupiriro. Ine ndimaona kuti anavomereza malire a nzeru zake moona mtima, ndipo kuyambira pamenepo mawu amene ankatuluka pakamwa pake kuposa ena onse anali akuti "Baibulo likuti".

Patangopita masabata ochepa anadzutsa tenti yaikulu ku Los Angeles. Msonkhanowo unayamba pa 25 September 1949, patangotha masiku awiri Pulezidenti Truman atalengeza kuti dziko la Soviet Union laphulitsa bomba la atomiki, nde mungaganize mantha amene anthu anali nawo, ndipo Graham sanazengereze kulalikira za chiweruzo ndi za chikomyunizimu, akulankhula mothamanga ngati wina akumuthamangitsa. Pulani inali ya masabata atatu koma anatha masabata asanu ndi atatu. Kunatembenuka anthu odziwika, Stuart Hamblen wa pa wailesi, Jim Vaus amene ankagwirira ntchito zigawenga, Louis Zamperini wothamanga wa ku Olympics amene anazunzidwa mu ukaidi wa ku Japan pa nkhondo. Mwini nyuzipepala zambiri William Randolph Hearst analamula akonzi ake kuti amukweze mnyamatayu, awiriwa sanakumanepo maso ndi maso, koma tenti ikugwetsedwa anthu pafupifupi 350,000 anali atadutsamo ndipo dziko lonse la America linali litamudziwa.

Anthu ambiri akaona mavidiyo akale amangoona bambo wamtali atanyamula Baibulo lotsegula ndi dzanja limodzi, chala chikuloza khamu, amaganiza kuti crusade, dzina limene ankatchulira misonkhano yake yachitsitsimutso, inali imeneyo basi. Ntchito yeniyeni inkachitika iye asanafike. Sankapita m'tauni popanda kuitanidwa ndi mipingo yambiri ya m'tauniyo mogwirizana, ndipo timu yake inkafika miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, msonkhano usanayambe. Ankakhazikitsa magulu a mapemphero m'makomo, kusonkhanitsa kwaya ya anthu masauzande kuchokera m'mipingo yosiyanasiyana, kuphunzitsa alangizi. Panali ndondomeko ina yotchedwa Operation Andrew, yotengera Andreya amene anabweretsa m'bale wake Petro kwa Yesu, yoti mkhristu aliyense alembe mayina a anzake osapemphera, aziwapempherera, kenako abwere nawo pa basi ya mpingo. Ulaliki wake unali wosavuta, tchimo, mtanda, kulapa, chisankho, mwana wa pulayimale akanatha kuutsatira. Akamaliza ankaitana anthu kuti adzuke m'mipando abwere kutsogolo, n'kuwauza kuti amene mwabwera pa mabasi musade nkhawa akudikirani, kenako ankangokhala chete, manja atapinda, mutu atawerama, kwaya ikuimba motsitsa nyimbo imodzi yomweyomweyo ya kuitana. Munthu akafika kutsogolo pambali pake pankaima mlangizi, mwamuna kwa mwamuna mkazi kwa mkazi, amene ankalemba dzina lake pa khadi, ndipo usiku womwewo makhadi ankasanjidwa n'kutumizidwa kwa abusa a pafupi ndi kwawo kwa munthuyo kuti akamuyendere. Dawson Trotman wa bungwe la Navigators ndi amene anathandiza kukonza njira yotsatira anthu imeneyi. Graham sanatsegule mpingo wake, sanasunge nkhosa ngakhale imodzi, onse ankawabwezera kwa abusa a komweko. Otsutsa ankanena kuti ambiri obwera kutsogolo anali kale anthu a tchalitchi ndipo ena patapita chaka sankaonekanso, ndipo mwini wake sankakana zimenezo, n'chifukwa chake sankawatcha otembenuka koma ofunsa.

Ku London mu 1954 atolankhani anamulandira ndi chipongwe, ankati za ku America zimenezi sizingagwire pa Angerezi. Anakhala masabata 12 ku Harringay Arena, anthu oposa 2 miliyoni anamumva, ndipo tsiku lotseka bwalo la Wembley linadzadza ndi anthu pafupifupi 120,000. Nduna yaikulu ya Britain Winston Churchill anamuitana kukacheza, chaka chotsatira analalikira pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II ku Windsor. Mu 1956 anathandiza kuyambitsa magazini ya Christianity Today. Kenako New York 1957, masabata 16 ku Madison Square Garden, TV ikuulutsa Loweruka lililonse, ndipo ndi pamenepa pamene anasiyana ndi anzake akale okhwimitsa chiphunzitso monga Bob Jones ndi John R. Rice, chifukwa anavomera kugwira ntchito ndi mipingo imene iwo ankaiona ngati yosochera. Yankho lake linali loti apita kulikonse, moitanidwa ndi aliyense, bola asamuuze zochotsa mu uthenga wake. Patsogolo pake ngakhale Akatolika ankatenga nawo mbali ndipo makhadi a anthu awo ankabwezedwa ku parishi. Mtundu wa chikhristu umene lero timautcha evangelical, wogwiritsitsa Baibulo koma wosadzitsekera pakona, unaumbika kwambiri pa kusiyana kumeneku.

Nkhani ya tsankho ndi yofunika kuinena mosakondera. Graham anakulira kum'mwera kwa America komwe azungu ndi anthu akuda sankakhala pamodzi olo m'tchalitchi, ndipo misonkhano yake yoyambirira kumeneko inali ndi zingwe zolekanitsa mipando. Mu 1953 ku Chattanooga anatsika yekha n'kukachotsa zingwezo. Ku New York mu 1957 anaitana Martin Luther King Jr., m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda, kudzapemphera pa guwa lake, ndipo analemba ntchito Howard Jones, mlaliki wakuda woyamba mu timu yake, zimene zinamubweretsera makalata achipongwe ochuluka. Koma pa ma demo a King sanayende nawo, mu 1963 King ali m'ndende ku Birmingham iye ananena kuti mnzakeyo achepetseko liwiro, ndipo ankakhulupirira kuti mitima ikasintha malamulo adzatsatira okha. Anthu akuda amene ankamenyedwa ndi apolisi m'misewu analibe nthawi yodikira mitima. Atakalamba anavomereza kuti analakwitsa posapita ku ma demo a King a ku Selma. Ine ndimaona kuti anapita patsogolo kuposa azungu anzake ambiri a kum'mwerako, koma anatsalira kumbuyo kwa pamene chilungamo chinkafuna.

Kuno ku Africa anabwera mu 1960, ulendo wautali kuyambira Liberia, Ghana, Nigeria mpaka Kenya ndi Ethiopia, ndipo analalikira ku Bulawayo, Salisbury (lero Harare) ndi Kitwe nthawi ya Federation, mizinda imene makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland ankagwirako ntchito. South Africa anaikana kwa zaka zambiri chifukwa boma la apartheid silinkalola kuti mitundu ikhale pamodzi. Anakapitako mu March 1973 atamuvomera zofuna zake, ku Kings Park ku Durban kunasonkhana anthu pafupifupi 45,000 akuda, azungu, amwenye ndi makaladi osakanikirana, ku Wanderers ku Johannesburg pafupifupi 60,000, ndipo ananena poyera kuti apartheid ndi tchimo. Amene anakonza zoti abwere anali mlaliki wa ku South Africa Michael Cassidy, ndipo apa pali ulusi umene umafika kwathu. Cassidy ali mnyamata anakhala nawo pa crusade ya New York ija ya 1957 ndipo ndi kumeneko komwe anamva kuitana kolalikira m'mizinda ya Africa, n'kudzayambitsa African Enterprise. Bungwe lomwelo ndi limene Stephen Lungu, mwana wa bambo wa ku Malawi amene anakulira m'misewu ya Salisbury, anadzalitsogolera ku Malawi ndipo kenako anakhala mkulu wake wa mayiko onse kwa zaka zingapo, iyeyu anamwalira mu January 2021. Kachitidwe kawo kogwirizanitsa mipingo ya mu mzinda, kuphunzitsa alangizi ndi kubwezera anthu kwa abusa awo n'kofanana ndi ka Graham.

Ndiye tibwere pa mbali ija yopanda mpanda. Chenjezo loyamba analandira msanga, mu 1950 atakumana ndi Truman anatuluka n'kuuza atolankhani zonse zimene anakambirana mseri, mpaka kugwada pa kapinga wa White House kuti amujambule akupemphera, ndipo Truman anakwiya osamuitananso. Anaphunzirapo kusunga chinsinsi, koma kukoma kwa kukhala pafupi ndi mpando sikunamuchoke. Mapulezidenti otsatira, Eisenhower, Johnson, onsewa anali anzake, koma amene anamukonda koposa anali Richard Nixon. Ankasewera naye gofu, ankalalikira pa mapemphero a ku White House, mu 1970 anamupatsa maiki pa crusade ya ku Knoxville nkhondo ya Vietnam ili mkati, nkhondo imene Graham sanaidzudzule. Aliyense ankaona kuti mlaliki wotchuka wa dzikolo ali mbali ya ndani, ndipo anthu a Nixon ankadziwa bwino kuti chithunzi cha awiriwa chimabweretsa mavoti. Nkhani ya Watergate, mlandu umene unadzachotsetsa Nixon pa mpando, itaphulika anamuikira kumbuyo kwa nthawi yaitali, mpaka mu 1974 pamene anawerenga zolembedwa za matepi a mu ofesi ya pulezidenti n'kupeza munthu wotukwana ndi wachiwembu amene sankamudziwa, ndipo anadwala nazo.

Choipitsitsa chinatuluka mu 2002. Matepi ena atatsegulidwa anthu anamva mawu a Graham mwini, mu 1972, akuvomerezana ndi Nixon kuti Ayuda agwira pakhosi nyumba zofalitsa nkhani ndipo akuwononga dziko. Munthu amene pagulu ankadziwika ngati bwenzi la Ayuda, ndipo zaka zingapo m'mbuyomo mphekesera yake itamveka anali atakana kuti sangalankhule zotero. Anapepesa poyera, anati sakukumbukira koma mawuwo ndi ake ndipo ndi olakwika. Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa ikuonetsa zimene zimachitika munthu wa Mulungu akakhala m'chipinda cha wamphamvu, amayamba kugwedeza mutu pa zimene akanayenera kudzudzula, kuopa kutaya ubwenzi. Pa ndalama ndi pa akazi anali ndi anzake omuyang'anira, koma polowa mu ofesi ya pulezidenti ankalowa yekha.

Chomuyamikira n'chakuti anasintha. Mu 1979 m'busa Jerry Falwell atayambitsa Moral Majority yosonkhanitsa akhristu kumbuyo kwa chipani chimodzi, Graham anakana kulowamo ndipo anachenjeza za kuopsa kosakaniza uthenga ndi ndale za mbali imodzi. Munthu yemwe uja ankalalikira moopseza za chikomyunizimu anayamba kulankhula zochepetsa zida za nyukiliya, anapita ku Hungary mu 1977, ku Moscow mu 1982 komwe anadzudzulidwa kwambiri kuti akugwiritsidwa ntchito ndi boma lozunza akhristu, ku China mu 1988, mpaka ku North Korea mu 1992 ndi 1994 komwe anakumana ndi mtsogoleri wa dzikolo Kim Il Sung. Mu 2011 atafunsidwa zimene akanasintha pa moyo wake anati akanatalikirana ndi ndale, akanaphunzira kwambiri n'kuchepetsa kulankhula, ndipo akanakhala nthawi yambiri ndi banja lake.

Za banjazo sanangonena pofuna kudzichepetsa. Ana asanu, Gigi, Anne, Ruth, Franklin ndi Ned, analeredwa kwambiri ndi mayi awo m'mapiri a Montreat bambo ali kutali miyezi ndi miyezi. Pa msonkhano wa Los Angeles uja achibale anabwera ndi khanda ndipo iye anafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, osadziwa kuti ndi Anne mwana wake yemwe. Ruth anali ndi maloto ake okakhala mmishonale ku Tibet, anawasiya. Tikamawerenga za mabwalo odzadza tizikumbukira kuti mtengo wake wina analipira ndi mayi ameneyu.

Mukandifunsa chimene chakhalitsa kwambiri pa ntchito yake, ine sindingaloze ma crusade, ndingaloze misonkhano imene anaitanitsa kuti ena akule. Ku Lausanne ku Switzerland mu 1974 anasonkhanitsa atsogoleri oposa 2,000 ochokera m'mayiko pafupifupi 150, ndipo kumeneko anthu a kum'mwera kwa dziko analankhula mosaopa. René Padilla wa ku Ecuador ndi Samuel Escobar wa ku Peru anadzudzula uthenga wongosamala za mzimu pamene anthu akufa ndi njala ndi kuponderezedwa, ndipo pangano limene John Stott wa ku London anatsogolera kulemba linavomereza kuti kulalikira ndi kumenyera chilungamo zonse ndi udindo wa mkhristu. Maganizo amenewa sanali a Graham poyamba, iye ankafuna kuti chidwi chikhale pa kulalikira, koma anasaina, ndipo amene anasankhidwa kuyendetsa komiti yopitiriza ntchitoyo anali Gottfried Osei-Mensah wa ku Ghana. Kenako kunabwera misonkhano ya Amsterdam, mu 1983, 1986 ndi 2000, imene sinali ya mabishopu ndi maprofesa koma ya alaliki wamba oyenda pansi ndi pa njinga, pafupifupi 4,000 ulendo woyamba, 8,000 wachiwiri, 10,000 wachitatu, ambiri ochokera ku Africa, Asia ndi Latin America, ena kukwera ndege koyamba m'moyo wawo. Ankawaphunzitsa zinthu zogwirika, kakonzedwe ka ulaliki, kaitanidwe ka anthu, kasungidwe ka ndalama, kasamalidwe ka banja. Atafunsidwa kuti adzalowe m'malo mwake ndani, ankaloza anthu amenewa.

Mu 1995 ali ku San Juan ku Puerto Rico uthenga wake unatumizidwa pa setilaiti kupita m'mayiko ambirimbiri nthawi imodzi, womasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Pa 14 September 2001 ndi amene anaitanidwa kulankhula ku tchalitchi cha National Cathedral ku Washington dziko lili pa chisoni ndi chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September. Crusade yomaliza anachita ku New York mu June 2005, thupi litafooka, akuyenda ndi chogwirira. Ruth anamwalira mu June 2007, iye anatsatira pa 21 February 2018 kunyumba kwake ku Montreat ali ndi zaka 99. Thupi lake linagonekedwa mwaulemu ku Capitol, nyumba ya malamulo ya ku Washington, m'bokosi wamba la matabwa limene anakhoma akaidi a ku ndende ya Angola ku Louisiana, ndipo anaikidwa pambali pa mkazi wake ku Charlotte.

Bungwe lake likadalipo, likutsogoleredwa ndi mwana wake Franklin, amenenso ndi mkulu wa Samaritan's Purse, aja amatumiza mabokosi a mphatso za Khirisimasi kwa ana m'mayiko ambiri. Pa ntchito zachifundo Franklin wachita zazikulu, zipatala za m'matenti pa miliri ndi pa nkhondo, thandizo pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Koma pa ndale watenga njira imene bambo ake anachenjeza atakalamba, amaikira kumbuyo Donald Trump poyera ndipo anatenga nawo mbali pa mwambo womulumbiritsa mu 2017 ndi mu 2025. Izi zagawa a evangelical a ku America mpaka m'banja la Graham momwemo, adzukulu ena analankhula poyera kuti sakugwirizana nazo, ndipo mbali zonse ziwiri zimati zikutsata mapazi a agogo awo.